Galimoto Ikawira: Mafunso ndi Mayankho

Aliyense amene anakwerapo phiri la ku Chikwawa, kuchokera pa Thabwa kulowera ku Blantyre, masana a mwezi wa Okutobala, anazionapo izi: galimoto ili pambali pa msewu, boneti ili yasaa, dalaivala wanyamula chigubu, okwera aunjikana pa kamthunzi ka mtengo wopanda masamba. Pa Chiweta ndi pa msewu wa Golomoti wokwera ku Dedza n'chimodzimodzi. Madzi amathiridwa, injini imalizidwanso, ulendo n'kupitirira, ndipo kwa ambiri nkhani imathera pomwepo mpaka tsiku limene makaniko adzapukuse mutu n'kunena kuti, "Bwana, hedi yapindika." Mafunso otsatirawa ndi amene eni magalimoto amafunsa kawirikawiri, ena injini isanapse, ambiri itapsa kale.

Kodi injini imayenera kutentha kufika pati, ndipo chimaiziziritsa n'chiyani?

Injini yabwinobwino imagwira ntchito madzi ake ali pakati pa madigiri 85 ndi 105, malinga ndi mtundu wake. Kutentha kumeneko si matenda, ndi mmene inapangidwira. Mafuta akapsa m'masilinda, pafupifupi gawo limodzi lokha mwa magawo atatu a mphamvu yake ndi limene limayendetsa matayala. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini, n'kumadikira madzi kuti alichotse.

Pampu imakankha madzi m'tinjira ta mu buloko ndi mu hedi. Akatentha amatulukira pa paipi ya pamwamba n'kulowa mu rediyeta, momwe amadutsa m'timachubu topyapyala tomwe tikuwombedwa ndi mphepo, kenako amabwerera ku injini kudzera pa paipi ya pansi. Thermostat ndi mlonda wa pachipata: injini ikakhala yozizira amatseka njira ya ku rediyeta, ikatentha amatsegula. Fani imakoka mphepo pamene galimoto yaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Chivindikiro cha rediyeta chimasunga pulesha.

Choncho injini ikawira, chimodzi mwa izi chachitika: madzi achepa, madzi alipo koma sakuyenda, mphepo sikudutsa pa rediyeta, kapena moto wa m'silinda wapeza njira yolowera m'madzi. Ntchito yonse yofufuza ndi kudziwa kuti mwa zinayizi, chanu ndi chiti.

Ndili pamsewu ndipo kamuvi ka geji kayamba kukwera. Ndichite chiyani?

Zimitsani eyakoni, yatsani hita mpaka kumapeto, tsegulani mawindo. Zikumveka ngati misala masana a chilimwe, koma hita ndi karediyeta kakang'ono kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo kamathandiza kutaya kutentha. Kamuvi kakayamba kutsika, yendani pang'onopang'ono mpaka pamalo abwino oima. Koma kakafika pofiira, kapena mwaona nthunzi, kapena galimoto yafooka n'kuyamba kulira ngati muli timiyala m'kati mukaponda mafuta, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini. Kilomita imodzi yoti "tingofika pa malo ogulitsira mafuta paja" ndi imene imapha injini zambiri.

Hita yomweyo imakuuzaninso kanthu. Ikamatulutsa mphepo yozizira pamene geji ikuonetsa kuti injini yatentha kwambiri, ndiye kuti madzi atsala pang'ono kutheratu kapena sakuyenda n'komwe. Pamenepo palibe zoyesayesa.

Magalimoto ang'onoang'ono ambiri ochokera ku Japan, monga Vitz, Passo ndi Sienta, alibe kamuvi. Ali ndi kanyali kabuluu kapena kobiriwira kosonyeza kuti injini ikadali yozizira, ndi kofiira kosonyeza kuti yatentha mopitirira. Kuipa kwake n'kwakuti simuona vuto likubwera. Kofiirako kakayaka, zinthu zafika kale patali.

Bwanji osangotsegula rediyeta n'kuthiramo madzi nthawi yomweyo?

Chifukwa madzi ali m'katimo atentha kuposa madzi owira a pamoto, ndipo chimene chikuwaletsa kusanduka nthunzi ndi chivindikirocho. Mukachimasula, onse amabwata kamodzi n'kuthovoka ngati kasupe, molunjika kumaso ndi pamkono. Makondakitala ndi madalaivala ambiri ali ndi zipsera za tsiku lotere. Pa maminibasi akale a Hiace zimaopsa kwambiri chifukwa injini ili pansi pa mpando wakutsogolo, ndipo nthunziyo imadzaza m'kati momwe muli anthu. Okwera ayambe atsika.

Dikirani mphindi 30 kapena kuposerapo. Ola lathunthu ndi labwino koposa. Finyani paipi ya pamwamba mutagwira nsalu: ikakhala yolimba ngati tayala, pulesha ikadalipo. Ikafewa, ikani nsalu yokhuthala pa chivindikiro, chipotokoleni pang'ono mpaka chifike pomwe chimayamba kuima, mulole mpweya utuluke, nkhope mutayang'ana kumbali. Madzi muwathire pang'onopang'ono. Kukhuthulira chigubu cha madzi ozizira mu injini yamoto, kapena pamwamba pake, kungathe kung'amba hedi, chifukwa chitsulo chimakhwinyata mbali imodzi pamene mbali ina ikadali yofufuma.

Wina akapsa, ikani pamene papsapo pa madzi ozizira oyenda kwa mphindi 20, kenako apite kuchipatala. Mankhwala otsukira mano, dzira ndi mafuta ophikira zisafikepo.

Yazizira. Ndiyambire pati kufufuza vuto?

Sipanala ayambe wadikira. Choyamba kumbukirani bwinobwino: imatentha nthawi yanji? Yankho la funso limeneli limatha theka la ntchito, ndipo makaniko amene wangomva kuti "ikuwira" n'kuyamba kumasula zinthu asanakufunseni, muzimukayikira. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikamatentha mukaima, kapena mukamakwawa m'jamu ya pa mlatho wa Lilongwe kapena pa msewu wa Masauko Chipembere madzulo, koma n'kuzizira mukangolowa msewu wopanda magalimoto, vuto ndi mphepo. Mukamathamanga mphepo imalowa yokha. Mukaima, ntchito yonse ndi ya fani. Ngati fani yanu ndi yamagetsi, lizani injini n'kuyatsa eyakoni: pa magalimoto ambiri iyenera kuyamba kuzungulira posakhalitsa. Ikakhala duu, onani fyuzi, relay ndi mawaya musanaweruze mota. Ikayamba kuzungulira mutaigogoda pang'ono ndi chigwiriro cha sikuludiraiva, motayo yatha. Magalimoto monga Hilux, Land Cruiser ndi Hiace ambiri ali ndi fani yoyendetsedwa ndi lamba, yokhala ndi kilatchi ya mafuta olimba pakati pake. Injini ili yotentha koma yozimitsa, kankhani fani ndi dzanja: iyenera kulimbalimba. Ikangozungulira peyupeyu kangapo, kilatchiyo yafa, ngakhale kuti injini ikamalira fani imaoneka ngati ikugwira ntchito. Onaninso ngati chikombole cha pulasitiki chozungulira fani chilipo. Ambiri amachitaya chikasweka poganiza kuti n'chokongoletsera, pamene ndi chimene chimachititsa kuti fani ikoke mphepo kudzera m'rediyeta, osati m'mbali. Ndipo ngati galimoto yangochoka kumene kokonzedwa, imikani kapepala kutsogolo kwa rediyeta: kayenera kukokedwa. Kakamakankhidwa, mawaya a fani anawalumikiza chozondoka.

Ikamakhala bwino m'tauni koma n'kutentha mukathamanga kapena mukamakwera phiri, ndiye kuti rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini ikupanga ikalemedwa. Yambani kunja. Udzu, matope, fumbi ndi ngumbi za nthawi ya dzinja zimamatirira m'timapepala ta rediyeta, makamaka pampata wa pakati pa rediyeta ndi chinzake cha eyakoni chomwe chili kutsogolo kwake, pomwe maso saona. Walitsani tochi kumbuyo. Kuwala kusatulukire kutsogolo, mphepo nayonso sikudutsa. Tsukani kuchokera mbali ya injini, ndi madzi opanda mphamvu kwambiri, chifukwa timapepalato timapindika msanga. Kunja kukakhala koyera, vuto lili m'kati. Injini itatentha n'kuzimitsidwa, yendetsani dzanja mosamala pankhope ya rediyeta: malo ozizira pakati pa malo otentha ndi timachubu totsekeka. Samalani zala, fani yamagetsi imatha kudzuka yokha ngakhale kiyi atachotsedwa. Pampu imathanso kuchita zomwezi ngati mapiko ake anadyedwa ndi dzimbiri: imazungulira, koma ikungovundula madzi osawakankha. Paipi ya pansi yokalamba nayo imaphwatalala injini ikathamanga, n'kutseka njira. Muuze mnzanu aponde mafuta inu mukuiyang'ana.

Ikatentha patangopita mphindi 10 kapena 15 mutailiza m'mawa, kulikonse kumene muli, madzi sakuyenda. Geji ili pamwamba koma rediyeta ili yozizira: thermostat yakakamira chotseka. Ngati nyali ya batire yayakanso nthawi yomweyo, onani lamba, chifukwa pa injini zambiri lamba mmodzi yemweyo amazunguza pampu ndi alternator.

Ndipo kamuvi kakamangokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, nthawi zambiri madzi ndi ochepa kapena muli mpweya.

Madzi akutha mlungu uliwonse koma sindikuona pamene akudontha. Akupita kuti?

Madzi a injini sayenera kutha. Amayenda m'njira yotsekeka, ndipo galimoto yabwino imatha miyezi osafuna kuwonjezera. Amene amathira lita imodzi m'mawa uliwonse ngati akuthirira dimba ali ndi bowo penapake.

Madontho ambiri saoneka pansi chifukwa amauma asanafike. Fufuzani mikwingwirima yoyera, yofiirira kapena yobiriwira pamene mapaipi akumangirira, pansi pa pampu pomwe pali kabowo kotulutsa madzi chisindikizo chake chikatha, ndi m'mphepete mwa rediyeta pomwe pulasitiki imakumana ndi chitsulo. Rediyeta za masiku ano zimakonda kung'ambika pamenepo. M'mbali mwa buloko muli tizivindikiro tachitsulo tozungulira tomwe timabooka ndi dzimbiri. Kapeti ya kutsogolo ikamanyowa, magalasi akamachita nkhungu m'kati ndi kafungo kotsekemera, ndi hita imene ikudontha. Mabowo ena amatseguka pokhapokha pulesha ikakwera, n'chifukwa chake galaja yabwino imakhala ndi kapampu kamanja kamene amamangirira pakamwa pa rediyeta n'kupopa injini ili yozizira. Kamuvi kake kakamatsika, bowo lilipo, ndipo nthawi zambiri dontho limaonekera pomwepo. Pulesha ikamatsika koma kunja kuli gwa, madzi akulowa m'kati mwa injini.

Ndingadziwe bwanji kuti hedi gasiketi yapsa?

Injini ili yozizira, chotsani chivindikiro, dzazani madzi mpaka pakhosi, lizani. Tinthubwinthubwi tochepa poyamba n'topanda vuto, koma tikamangotuluka mosalekeza, kapena madzi akamathovoka mukaponda mafuta, utsi wa m'silinda ukulowa m'madzi. Chizindikiro china: paipi ya pamwamba imalimba gwa pasanathe mphindi ziwiri mutailiza, madzi asanatenthe n'komwe. Injini imanjenjemera m'mawa kwa masekondi angapo chifukwa madzi adonthera m'silinda usiku. Mukachotsa mapulagi, imodzi imakhala yoyera ngati yachapidwa pamene inzake ili yodera. Ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wokhuthala umene susiya injini ikatentha. Musausokoneze ndi kanthunzi ka m'mawa wa mu Juni ku Dedza kapena ku Mzuzu, komwe kamatha pakapita mphindi zochepa.

Oyilo wooneka ngati tiyi wamkaka pa kachitsulo koyezera ndi umboni wamphamvu, ndipo injini yotero musailizenso. Koma oyilo wabwinobwino sakutanthauza kuti gasiketi ili moyo. Zimatengera pamene yabookera. Ndiponso kathovu kochepa kuseri kwa chivindikiro cha oyilo kamapezeka ngakhale pa galimoto yabwino imene imangoyenda maulendo aafupi.

Umboni wodalirika kwambiri umachokera ku botolo la mankhwala abuluu limene amaika pakamwa pa rediyeta. Mukakhala utsi wa m'silinda, mankhwalawo amasanduka achikasu pa injini ya petulo, obiriwira pa ya dizilo. Kuyeza kompuresheni ya silinda iliyonse kumaonjezera umboni. Musalole kuti hedi itsegulidwe pongoganizira.

Chimene ambiri amaiwala n'chakuti gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa injini inatentha kale pa chifukwa china. Mukasintha gasiketi osapeza fani yakufa kapena rediyeta yotsekeka imene inayambitsa zonsezi, mudzabweranso ndi nkhani yomweyo mvula isanagwe.

Makaniko wandiuza kuti tichotse thermostat, akuti ndi ya kumayiko ozizira. N'zoona?

Ayi. Langizo limeneli lafala kwambiri m'magalaja mwathu moti galimoto zina zimachotsedwa thermostat zitangofika kumene kuchokera ku Dar es Salaam, zisanalakwe chilichonse. Maganizo ake amamveka anzeru: kuno kulibe chipale chofewa, ndiye chotsekereza madzi n'chachiyani? Koma thermostat sinaikidwe chifukwa cha chisanu cha ku Japan. Ntchito yake ndi kufikitsa injini msanga pa kutentha koyenera ndi kuisunga pamenepo. Pa injini zambiri za Toyota imayamba kutseguka pa madigiri 82, nambala imene imadindidwa pa iyo yomwe. Ikatseguka yonse, sitsekerezanso kanthu. Injini imene ikuwira thermostat ili yotseguka idzawirabe itachotsedwa.

Imene yachotsedwa thermostat imayenda yozizira m'mawa ndi potsetsereka. Kompyuta ya injini imaona ngati sinatenthebe, n'kumathira mafuta ochuluka. Mumalipira pa pampu ya petulo, ndipo mafuta otsalawo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, mapisitoni ringi n'kumadyeka. Oyilo amene safika potentha amasunga chinyezi n'kupanga matope. Pa magalimoto amene amawerengedwa ndi makina, nthawi zina pamatuluka kodi ya P0128, yosonyeza kuti injini sikufika pa kutentha kwake.

Palinso china chimene ochotsawo sachitchula. Thermostat zambiri zili ndi kambale kachiwiri kumunsi, kamene kamatseka njira yachidule yobwezera madzi mu injini osadutsa ku rediyeta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotseguka mpaka kalekale, ndipo gawo la madzi otentha limangozungulira m'kati. Galimoto imene inkazizira mopitirira m'tauni imakawira pa phiri.

Mukaikayikira, iyeseni. Iikeni mu poto wa madzi pa mbaula: iyenera kuyamba kutseguka madzi asanabwate, n'kutsekanso mukaitulutsa. Ikalephera, gulani ina ya nambala yomweyo. Kuyenda popanda thermostat n'kovomerezeka pa tsiku limodzi lokha, pamene yakakamira muli kutali ndi tauni ndipo mukufuna kufika kwanu.

Mbale wake wa langizoli ndi kulumikiza fani kuti izingozungulira kiyi akangotembenuzidwa. Kumeneko n'kubisa sensa kapena relay yakufa, ndipo mota imatha msanga.

Kodi madzi wamba ali ndi vuto lanji? Kulanti ndi wodula.

Kunena zoona, madzi okhaokha amanyamula kutentha bwino kuposa kulanti. Vuto lawo lili pa zimene amachita m'kati pakapita miyezi. Yang'anani m'ketulo ya kunyumba kwanu, muone zoyera zimene zamatirira pansi. Zomwezo zimamatirira m'timachubu ta rediyeta, tomwe ndi topyapyala kwambiri. Madzi a pamjigo ndi oipa koposa, makamaka m'madera ngati a m'chigwa cha Shire komwe mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Kenako pamabwera dzimbiri, lomwe limadya mapiko a pampu, tizivindikiro ta buloko ndi hedi ya aluminiyamu. Mukatsegula rediyeta n'kupeza madzi ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya mvula, chitsulo cha injini yanu ndicho chasungunuka mmenemo.

Kulanti amapangidwa ndi ethylene glycol ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi madzi, amabwata pa madigiri pafupifupi 107 m'malo mwa 100, ndipo amatetezanso chisindikizo cha pampu. Zoti saundana mpaka madigiri 37 pansi pa ziro ife sizitikhudza. Chimene tikugula ndi chitetezo ku dzimbiri. Mankhwalawo amatha mphamvu. Wofiira wa Toyota ankasinthidwa pa zaka ziwiri zilizonse, pamene wapinki amakhala makilomita 160,000 ulendo woyamba, kenako 80,000. Galimoto yogula kale simudziwa kuti anasintha liti, choncho ndi bwino kukhetsa yense, kutsuka, n'kuyambira pamene mukudziwa.

Werengani pabotolo ngati ndi wosakaniza kale kapena wofunika kusungunula. Posungunula gwiritsani ntchito madzi osungunulira batire, aja opanda asidi. Musadalire mtundu wokha, chifukwa utoto ndi utoto. Mitundu ina ya kulanti ikasakanikirana imapanga phala. Pamsewu, pangozi, thirani madzi alionse oyera amene mwapeza, koma mukafika muwakhetse.

Kulanti ndi poizoni, ndipo amatsekemera. Musamusunge m'botolo la zakumwa, musamukhetsere pabwalo pomwe pamasewera ana ndi agalu.

Chivindikiro cha rediyeta chingatenthetse injini? Kanthu kakang'ono chonchija?

Kwambiri. Madzi amabwata pa madigiri 100 kugombe la nyanja yamchere. Ku Lilongwe, komwe ndi mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamenepo, amabwata cha m'ma 96. Ku Dedza, komwe n'kokwera kwambiri, cha m'ma 95. Kumbukirani kuti injini yabwinobwino imafika pamenepo tsiku lililonse. Chimene chimaletsa madzi kubwata ndi sipuling'i ya m'chivindikiro, imene imasunga pulesha yolembedwa pamwamba pake, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1. Ndi pulesha imeneyo, madzi amapirira mpaka kupitirira madigiri 115. Labala wa chivindikiro akang'ambika, injini yopanda vuto lililonse imawira pa phiri n'kutaya madzi kudzera m'kabotolo ka pambali.

Chivindikiro chili ndi kavavu kachiwiri kamene kamalola madzi kubwerera kuchokera m'kabotoloko injini ikamazizira. Kakafa, mumapeza kabotolo kali kodzaza, rediyeta ili yoperewera, paipi ya pamwamba itaphwatalala m'mawa. N'chifukwa chake kuyang'ana kabotolo kokha kumanamiza. Nthawi ndi nthawi tsegulani rediyeta yeniyeniyo ili yozizira. Pa zonse zimene tatchula, chivindikiro ndicho chotchipa, ndipo ndicho chimene anthu amachiganizira pomaliza.

Ena amathira dzira, ufa kapena sopo kuti atseke podontha. Zimagwira?

Zimatseka bowo kwa kanthawi, n'kutsekanso timachubu ta rediyeta ndi ta hita, tomwe simunafune kuti titsekeke. Kumata sopo kunja kwa kabowo n'kumasula chivindikiro pang'ono kuti pulesha isakwere kungakufikitseni ku tauni yapafupi mukuyenda pang'onopang'ono. Zolowetsa m'kati zisiyeni. Ngakhale mankhwala ogula otsekera madontho ndi oti akufikitseni ku galaja basi.

Ndasintha paipi, ndathira madzi atsopano, koma tsopano ikutentha kuposa kale. Chalakwika n'chiyani?

Mwatsekera mpweya m'kati. Imikani galimoto mphuno ili chokwera, ikani hita potentha, chotsani chivindikiro injini ili yozizira, lizani, n'kumawonjezera madzi akamatsika. Finyanifinyani mapaipi. Dikirani mpaka paipi zonse ziwiri zitenthe ndipo fani izungulire n'kusiya. Injini zina zili ndi kaboliti kotulutsira mpweya pamalo okwera. Kamasuleni mpaka patuluke madzi okhaokha. M'mawa mwake onaninso mlingo. Ngati munasinthanso thermostat, onetsetsani kuti sinaikidwe chagada: mbali ya sipuling'i imayang'ana ku injini, ndipo kabowo kake kakang'ono kamakhala kumwamba.

Kamuvi kanafika pofiira, kenako kanatsika kokha ndikuyendabe. Ndiye kuti zakonzeka?

Mwina thermostat yokakamira yatseguka mochedwa. Koma mwinanso madzi atheratu. Sensa imayeza madzi, ndipo ikakhala pouma imaonetsa nambala yotsika pamene hedi ikupsa. Madalaivala ambiri apumira m'mwamba ataona kamuvi katsika, n'kuyenda makilomita ena asanu mpaka injini kuuma gwa. Yatsani hita: mphepo ikakhala yozizira, imani.

Zonse tayang'ana, zili bwino, koma ikutenthabe pa phiri. Chatsala n'chiyani?

Onani ngati galimotoyo ikukoka katundu amene simukumuona. Mabuleki omangika amalemetsa injini. Mukaima, yandikitsani dzanja ku rimu iliyonse, yotentha kuposa inzake ndiyo. Oyilo wochepa amatenthetsa, chifukwa nayenso amachotsa kutentha. Moto wa mapulagi ukamabwera mochedwa, kapena ekizozi ikatsekeka, zotsatira zake n'zomwezo. Pa galimoto ya otomatiki, oyilo wa giyabokosi amazizirira mu rediyeta yomweyo, choncho giyabokosi imene ikuterereka imawonjezera moto wake pamenepo. Rediyeta yogula m'malo mwa yakale ingathenso kukhala yopyapyala kuposa imene galimoto inabwera nayo. Gejiyo nayo imanama nthawi zina. Makina owerengera kompyuta ya galimoto amaonetsa nambala yeniyeni.

Ndiye pali katundu amene mukumuona koma simukufuna kuvomereza. Sienta ya anthu 7 ikanyamula 11 ndi matumba a chimanga, palibe rediyeta imene ingaipulumutse pa Chiweta. Kukwera phiri pa giya yaikulu, injini ikubuula pansipansi, kumaipitsa zinthu chifukwa pampu imazungulira pang'onopang'ono pamene moto wachuluka. Tsitsani giya, injini izungulire momasuka.

Hedi yatsegulidwa kale. Ndionetsetse zotani kuti ndisalipire kawiri?

Hedi ipite kwa amakina akaiyeze ngati ili yowongoka ndiponso ngati ilibe ming'alu. Kuyang'ana ndi maso sikokwanira, chifukwa kupindika kochepa kuposa kukhuthala kwa pepala n'kokwanira kuotcha gasiketi yatsopano. Ikapindika amaipala, koma pali malire ake, ndipo imene inapalidwapo kangapo imafunika ina. Nkhope ya buloko iyezedwenso. Gasiketi ikhale yabwino, chifukwa ndalama zambiri pa ntchitoyi ndi za manja, ndipo yotchipa ikapsa mudzalipiranso manja omwewo. Maboliti a hedi amamangidwa motsata ndondomeko, kuyambira pakati kupita kunja, ndi sipanala yoyeza mphamvu, osati ndi paipi yautali ndi mawu akuti "dzanja langa limadziwa". Pa injini zina mabolitiwo amatamuka akamangidwa ndipo sabwerezedwa. Ngati pampu imayendetsedwa ndi taimingi beliti, sinthani zonse ziwiri pomwe injini ili yotsegula. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe, rediyeta itsukidwe kapena isinthidwe, thermostat ibwerere pamalo pake.

Musanalipire, funsani makaniko funso limodzi: "Ndiye chinayambitsa n'chiyani, amisiri?" Akuonetseni chinthucho m'manja. Kenako muisiye ikulira pagalaja pomwepo mpaka fani izungulire n'kusiya kawiri, mukwere nayo chitunda chapafupi eyakoni ili yoyatsa, makanikoyo ali pambali panu, ndipo kwa mlungu wathunthu muzitsegula rediyeta m'mawa uliwonse musanalize injini.